Ulusi Wofiira wa Agogo

1. Pepala la amalume

Agogo anamwalira Lachitatu m'mawa ali ndi zaka 92, ndipo pofika Lachisanu masana amalume anali atalemba kale mbiri yawo, kuitaipa bwinobwino, n'kuisindikiza kawiri kuopa kuti ina ingataike. Anali munthu wotero amalumewo. Ngakhale pamaliro a mayi awo owabereka, tayi inali pakhosi ndipo cholembera chinali m'thumba la shati.

Pepalalo anapatsa mdzukulu wa malemu, mtsikana wa Fomu 3 amene aliyense ankamutchula kuti Kasingano. Dzinali anamupatsa ndi agogo omwewo chifukwa cha kuonda kwake. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, choncho analeredwa ndi agogo m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yawo yosokeramo zovala. Agogo atayamba kufooka, amalume anatenga onse awiri kukakhala nawo kunyumba kwawo, ndipo sukulu ya mtsikanayo ankaiyendetsa ndi iwo.

"Mawa kutchalitchi uwerenga ndiwe," anatero amalume. "Sindinasankhe ndine. Amayi ananena okha kuti enafe timameza mawu. Ndiye uwerenge zimene zalembedwazo. Usaonjezere, usachotsere. Wamva?"

"Ndamva, malume."

Kenaka anamutuma kushopu kuti akatenge tepi yoyezera ndi sizasi ya agogo. Ankafuna kuti zikaikidwe patebulo pambali pa chithunzi cha malemu, anthu akaone zida zimene zinaphunzitsa ana.

Ali m'njira, Kasingano anatambasula pepala lija. Zonse zinalimo mwadongosolo lake: chaka chimene agogo anabadwa, chaka chimene anakwatiwa, chaka chimene amuna awo anamwalira n'kuwasiya ndi khanda kumsana. Munalinso za mmene anayambira kusoka ndi manja pakhonde la sitolo ya eni mpaka kudzagula makina awoawo. Chapakati panali mzere wakuti, "Malemu anabereka ana asanu, ndipo anayi ali moyo."

Palibe chimene chinamudabwitsa pamenepo. Chinamuwawa n'chakuti pepalalo linali louma ngati kalata yofunsira ntchito. Munalibe agogo aja amene ankauza kasitomala pamaso kuti, "Nsalu sinachepe ayi, mwanenepa ndinu." Munalibe agogo amene ankagwira mapini asanu ndi milomo koma n'kumakalipirabe mwana bwinobwino.

2. Kope lakuda

Shopu ya agogo inali kachipinda kamodzi mumsewu wa kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. M'katimo munkamveka fungo lomwe lija la nsalu zatsopano ndi mafuta a makina. Mpando wa agogo unali pomwe paja, ndi pilo wake wa zigamba wophwa pakati.

Pakona panakhala Mayi Mabatani, mnzawo wa agogo amene anagwira nawo ntchito zaka makumi asanu. Gawo lawo linali mabatani, mazipi ndi kusita. Maso anali psu ndi kulira, koma singano inali m'manja.

"Agogo, mpaka lero mukusoka?" anafunsa Kasingano.

"Malemu analonjeza mwini diresi ili kuti lituluka Loweruka. Ukufuna anthu aziti anapita ndi bodza? Tenga zimene wabwerera."

Sizasi inali patebulo, koma tepi inali m'dirowa imene nthawi zonse inkavuta kutsegula. Kasingano anaikoka mwamphamvu ndipo inasololoka yonse. Kuseri kwake kunagwa kope lochindikala, lachikuto chakuda. Kope la miyeso ya makasitomala ankalidziwa, koma ili anali asanalionepo.

Linali kope la miyeso ya ana a agogo. Mwana aliyense anali ndi masamba ake, ndipo pamwamba panali dzina limene agogo anamupeka okha. Woyamba anali Chikhosi. Kasingano anatsala pang'ono kuseka, chifukwa amenewo anali amalume, ndipo muyeso wa khosi lawo unkakwera chaka ndi chaka osabwerera m'mbuyo. Anapeza masamba a mayi ake, amene anathera pakati ndi mzere umodzi wautali. Anapitirira.

Atawerenga mayina onse anabwereranso koyamba, kuwerenga ndi chala. Anali asanu ndi limodzi.

Lomaliza linali lakuti Wamanzere. Pansi pake agogo analemba kuti, "Thumba kumanzere. Phewa lamanja lotsika pang'ono." Miyeso yake inayambira ali khanda, n'kumatsika tsamba ndi tsamba mpaka chaka chomwe chino. Kumapeto kwenikweni kwa kopelo kunali masamba awiri osokedwa pamodzi ndi ulusi wofiira, kuzungulira m'mbali monse.

Ulusi wofiirawo unali ndi nkhani yake pabanjapo. Chaka chilichonse agogo ankasokera mwana ndi mdzukulu aliyense chovala chimodzi, ndipo ankachimaliza ndi timisoko titatu tofiira m'kati mwa kolala kapena mwa mpendero, pamalo osaoneka. Kasitomala, ngakhale achonderere bwanji, sankaulandira. Ngakhale akazi a amalume sanaulandirepo, ndipo nkhani imeneyo imawawawa mpaka lero.

Maso a agogo atayamba kuchita khungu, wolowetsa ulusi pasingano anali Kasingano. Tsopano anakumbukira diresi labuluu la thumba kumanzere limene anathandiza kumaliza miyezi inayi yapitayo. Palibe wapabanjapo amene analivalapo. Atafunsa nthawi imeneyo, agogo anangoti, "Ntchito yako n'kulowetsa ulusi, osati mafunso."

Anafuna kusuzumira pakati pa masamba osokedwawo, koma dzanja la Mayi Mabatani linagwira lake.

"Zimenezo siya. Sanasoke kuti azisewera."

"Agogo, Wamanzere ndi ndani?"

Mayi Mabatani anabaya singano pansalu n'kupumira m'mwamba.

"Khala pansi, mwana iwe. Wamanzere ndi mzime wa agogo ako, khanda lija linali kumsana bambo ake akumwalira. Ndi mng'ono wa mayi ako, bere limodzi. Zaka makumi atatu zapitazo makina oyamba aja anasowa mushopu muno, ndipo tsiku lomwelo iyenso anasowa. Amalume ako anasonkhanitsa abale n'kulamula kuti wakubayo asadzatchulidwenso pakhomo. Zithunzi zake anachotsa zonse. Agogo ako anangoti chete."

"Nanga anabadi?"

"Sindinaone, ndiye sindinena. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chilichonse ndinkakwera basi ndi tepi imeneyo kukamuyeza, kenaka n'kukweranso kukamupatsa diresi. Zaka makumi atatu, miyendo yanga yomweyi."

Kasingano anaimirira, pepala la amalume lili m'manja mwake. Anapsa mtima kwambiri. "Ndiye izi ndi zabodza! Akufuna ndikanene bodza pamaso pa bokosi la agogo!"

"Ndati khala pansi," anatero Mayi Mabatani. "Ndakuona maso akowo, ndipo sandisangalatsa. Tamvera. Amalume ako si chilombo. Anasiya sukulu kawiri kuti athandize mayi awo kusamalira ang'ono awo, ndipo lero akukudyetsa iweyo. Agogo akonso sanali mngelo. Ndinawakonda kuposa m'bale wanga, koma pankhani iyi anali amantha. Ankasoka mobisa m'malo motsegula pakamwa. Ndinawauza kambirimbiri kuti aitanitse ana awo akambirane, iwo n'kumangoti mawa, mawa. Mawa lakelo ndi ili tikukawaika. Ndiye ngati uli ndi chonena, yamba wapita kwa amalume ako, mwaulemu, muli awiri. Usakawadzidzimutse pagulu ngati mdani. Akakana, zotsalazo zili ndi iwe. Koma udziwe kuti chilichonse chimene usankhe chikuwawa, ndipo ine ndilibe nyumba yokusungiramo. Ndimagona pabalaza kwa mwana wanga."

Kasingano anaika tepi, sizasi ndi kope lija m'chikwama chake cha sukulu n'kutuluka.

3. Chenjezo

Loweruka m'mawa anawapeza amalume kuchipinda chodyera, akumanga tayi patsogolo pa galasi la kabati. Anali atavala jekete lakuda limene agogo anawasokera chaka chatha. Kasingano anaima pakhomo, manja kumbuyo.

"Malume, ndingalankhule nanu?"

"Fulumira, galimoto ikubwera."

"Pepala lija lalakwika pamzere wa ana. Ana a agogo ndi asanu ndi mmodzi. Ndinaona m'kope lawo lakuda kushopu."

Manja a amalume anaima patayi. Anamuyang'ana kudzera m'galasi kwa kanthawi ndithu.

"Tseka chitseko," anatero.

Atatseka, amalume anatembenuka. Sanakuwe ayi. Analankhula motsitsa, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukuwa.

"Iwe unabadwa liti? Makina aja akusowa unali kuti? Ine ndinalipo. Ndinawapeza amayi atakhala pasimenti, pamalo pamene panali makina, manja ali m'masaya. Mayunifolomu makumi anayi a ana asukulu anali atadulidwa kale, akudikira kusokedwa. Anawasoka ndi manja, masabata atatu, mpaka zala zinatupa osatha kugwira kapu. Tiyi ndinkawamwetsa ndine. Ndiye lero mwana wadzulodzulo uzindiuza za kope? Amayi anali ndi mtima wofewa, n'chifukwa chake ine ndinaumitsa wanga. Pakhomo pamafunika munthu mmodzi wotha kunena kuti ayi. Mvetsetsa bwino. M'nyumba muno sindinakuwerengerepo chakudya, ndipo kusukulu sunabwezedwepo. Sindikuti undithokoze. Ndikungofuna kuti lero, tsiku limodzi lokha, usandichititse manyazi pamaso pa anthu ndi pamaso pa bokosi la mayi anga. Ukakawerenga zako zam'mutu, ndiye kuti wakula, ndipo munthu wamkulu amadzipezera yekha pokhala ndi pophunzira. Sindibwereza."

"Malume, ine bodza ndikuopa kuti pakamwa panga sipalola."

"Pakamwa pakopo upauze kuti mayeso atsala chaka chimodzi." Anakoka tayi mpaka khosi lija linatukumuka. Kenaka anafunsa ndi mawu ena, otsika kwambiri, "Kope limenelo, wati unalipeza pati?"

Kasingano asanayankhe, akazi a amalume anagogoda n'kunena kuti galimoto yafika ndipo anthu akudikira panja. Amalume anatola chipewa chawo n'kutuluka osamuyang'ananso.

4. Mayi wa pageti

Kutchalitchi anthu anachita kusefukira panja. Koma abale, agogo anasokera anthu! Panali aphunzitsi amene yunifolomu yawo yoyamba inatuluka m'manja mwawo, anamwino, oyendetsa basi, ndi amayi okalamba amene madiresi awo a ukwati anasokedwa pakhonde lija la sitolo. Wometa ndi wokonza mafoni anatseka mashopu awo n'kubwera atavala mashati oyera.

Kasingano anaika tepi ndi sizasi patebulo pambali pa chithunzi, kenaka anatuluka kuti apitidwe mphepo chifukwa mutu unkamuzungulira. Ndi pamene anamuona.

Kunja kwa geti, pafupi ndi mtengo wa magetsi, panaima mayi wina yekhayekha, wa imvi zochepa m'mbali mwa mutu. Anavala diresi labuluu. Thumba linali kumanzere, ndipo phewa lamanja linali lotsika pang'ono.

Miyendo ya Kasingano inapita yokha.

"Pepani amayi," anatero. "Ndingaone nawo mpendero wa diresi lanulo?"

Mayiyo anamuyang'anitsitsa, n'kugwira pakamwa ndi dzanja lamanzere. "Mayo ine! Chipumi chimenecho n'cha akulu anga. Ndiwe Kasingano."

Anawerama n'kupinda mpendero. Timisoko titatu tofiira tinali pomwepo, tokhotakhota, ta munthu wosoka mongopapasa. Kasingano anatizindikira. Anali pambali pa agogo tsiku limene ankatisoka, ndipo anaseka nawo pamene agogo anadzibaya chala n'kutukwana singano.

"Ndine mayi ako aang'ono," anatero mayiyo. "Ndinakuonapo kamodzi patali, uli ndi zaka zinayi, pamaliro a mayi ako. Tsiku limenelonso ndinaima panja."

"Tiyeni mulowe."

"Ayi, mwanangu. Ndangobwera kuti ndione bokosi likamatuluka. Sindikufuna phokoso pamaliro a amayi. Iwe lowa, usavutike nane. Ndinazolowera."

Mawu akuti ndinazolowerawo anamulasa Kasingano mumtima. Munthu n'kuzolowera kuima panja pa maliro a abale ake! Misozi inalengeza, koma belu linalira ndipo wina anali akumukodola pakhomo la tchalitchi.

Potembenuka anakumana ndi Mayi Mabatani akubwera ndi ndodo yawo. Gogoyo sanafunse chilichonse. Anangokola mkono wa mayi wa diresi labuluu n'kunena kuti, "Miyendo yanga yatopa, ndigwirize. Tikakhala benchi yakumbuyo, palibe amene akatione."

5. Paguwa

Ana a malemu anakhala pabenchi yakutsogolo, moyang'anizana ndi bokosi. Amalume anali kumapeto, chipewa chawo chili pabenchi pambali pawo. Nyimbo ziwiri zitatha, abusa anaitana mdzukulu kuti awerenge mbiri.

Kasingano anakwera masitepe atatu a guwa. Maikolofoni inali pamwamba kwambiri ndipo abusa anachita kumutsitsira. Anayamba kuwerenga. Chaka chobadwa, chaka cha ukwati, imfa ya agogo aamuna, khonde la sitolo. Mawu ake ankamveka bwino mpaka kumbuyo, monga mmene agogo ankafunira.

Anafika pamzere uja.

"Malemu anabereka ana..."

Anaima. Abusa anakhosomola pang'ono. Amalume anamuyang'ana osaphethira, chala chimodzi chikugogoda pabondo. Kasingano anaganiza za bedi lake, za mabuku ake ali pashelefu, za mayeso a chaka chamawa. Mantha anamugwira kwambiri. Kenaka anaponya maso kumbuyo, n'kuona diresi labuluu litawerama kuseri kwa anthu.

"Malemu anabereka ana asanu ndi mmodzi," anatero, "ndipo asanu ali moyo."

Manong'onong'o anayambira kutsogolo n'kufalikira kumbuyo. Akazi a amalume anati, "Asa!" mokweza kuposa mmene ankafunira.

"Malume, pepani," anapitiriza Kasingano. "Ndinakuuzani m'mawa muja, sindinakubisireni. Zimene zinachitika kale sindikuzidziwa, ndipo sindikuweruza munthu. Ine chimene ndikudziwa ndi ulusi basi.

"Agogo anga sankadziwa kunena mawu okoma. Ukadwala ankakukalipira kuti unayenderanji pamvula, uku akukufunditsa bulangete lawo lomwe. Ukakhoza mayeso ankati, 'Nanga umafuna ulephere?' Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anakhala pampando umodzi, msana utapindika, kuti ife tiime mowongoka. Anaika amuna awo m'manda, anaika mayi anga m'manda, ndipo tsiku lotsatira ankatsegula shopu chifukwa panali ana oti adye. Zimene pakamwa pawo pankakanika kunena ankazisoka. Abale anga, aliyense amene wavala chovala cha agogo, tapindani kolala kapena mpendero muone."

Kenaka mdzukulu wina wamng'ono, amene sankadziwa kuti zinthu zavuta, anapinda kolala ya shati lake n'kufuula kuti, "Wanga ulipo!" Ena anatsatira. Mabenchi atatu akutsogolo anadzaza ndi anthu akupinda makolala, akusuzumira m'mipendero, akuonetsana. Mmodzi wa ana aakazi a malemu anayamba kulira mokweza.

"Ulusi umenewo agogo sankapatsa munthu wamba," anatero Kasingano. "Kumbuyo uko kwakhala mayi amene ali nawo. Wachaka chino ndinalowetsa pasingano ndine ndi manja angawa, ndipo agogo anasoka okha, osaona, mpaka kudzibaya. Agogo sanachotsepo mwana wawo pamndandanda. Ndiye ine sindingathe kumuchotsa."

Anabwerera papepala n'kuwerenga mizere yotsalayo ndendende mmene amalume analembera, mpaka mawu omaliza. Atatsika sanadziwe kokhala, choncho anangoima pambali pa tebulo la chithunzi.

Anthu onse anali atatembenukira kumbuyo kupatula amalume. Iwo anakhala chiwongokere, maso ali pabokosi, mitsempha ya m'khosi ili njo. Mayi Mabatani anaimirira n'kuyamba kuyenda pakati pa mabenchi, ndodo ikugogoda pasimenti, akukoka mayi wa diresi labuluu amene ankachita kukanirira. Anafika kutsogolo n'kuima. Benchi ya ana inali yodzaza.

Abusa anatsegula Baibulo n'kulitsekanso.

Dzanja la amalume linakwera pang'onopang'ono mpaka kukolala ya jekete lawo. Sanaipinde ayi, anangolowetsa chala m'kati n'kupapasa. Chalacho chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anatola chipewa chija pabenchi, n'kuchiika pamaondo awo, n'kusendera pang'ono.

Sanamuyang'ane mlongo wawo. Koma malo analipo, ndipo Wamanzere anakhala pabenchi ya ana a mayi ake. Anatambasula dzanja lake lamanzere n'kugwira bokosi, ndipo analira kulira kumene anakusunga zaka makumi atatu.

6. Masamba osokedwa

Pochokera kumanda dzuwa linali litapendeka. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba ya amalume, ena akusamba m'manja, ena akutsanzika. Angapo anamugwira Kasingano paphewa. Ena anamuyang'ana cham'mbali, ndipo anamva mayi wina akuti ana a masiku ano alibe mwambo. Akazi a amalume anamudutsa kawiri ngati sakumuona.

Mayi ake aang'ono anakhala pakhonde pakati pa akulu awo awiri, atagwirana manja, onse akulankhula nthawi imodzi. Kasingano atawaona mtima unakhala pansi pang'ono. Koma zovala zake ndi mabuku ake zinali m'nyumba ya munthu amene ananena kuti sabwereza.

Anakakhala kuseri kwa nyumba, pamasitepe a khitchini, chikwama chili pamiyendo. Kumeneko ndi kumene amalume anamupeza. Tayi anali atamasula, chinthu chimene Kasingano anali asanachionepo chibadwire. Anaimirira msangamsanga.

"Wandichititsa manyazi," anatero amalume.

"Pepani, malume."

"Ukupepesa kuti unalakwa?"

"Ayi, malume. Ndikupepesa kuti zakupwetekani."

Amalume anayang'ana uku ndi uku ngati akuopa kuti wina akumva. Kasingano ankayembekezera ukali, koma chimene anaona pankhope pawo chinali china. Anali mantha.

"Kope lija lili kuti?"

"Ndalisunga."

"Masamba osokedwa aja, akumapeto, wawatsegula?"

Kasingano anadabwa. Za masamba osokedwa sanauzepo munthu, ndipo amalume m'mawa muja ankalankhula ngati kopelo sakulidziwa n'komwe. Kodi m'masambamo munali choonadi cha amene anaba makina aja?

"Ayi, sindinatsegule."

"Usatsegule. Ubwere nalo kuchipinda changa dzuwa lisanalowe, ulusi wake uli momwemo. Ukatero, za m'mawa zija tiziiwala. Ukhalabe pakhomo pano, ndipo Lolemba upita kusukulu monga mwa masiku onse." Anayamba kuchoka, kenaka anatembenukanso. "Ndipo mayi ako aang'onowo asalione."

Atapita, Kasingano anakhalanso pamasitepe paja n'kutsegula chikwama. Kope lakuda linali momwemo, ulusi wofiira ukuonekera m'mbali mwa masamba awiri omaliza. Pambali pake panali sizasi ya agogo, imene anaitola patebulo la kutchalitchi mwambo utatha.